"Atibera!": Kuunika Chichewa cha Maganizo a Munthu Wamba

M'maphunziro athu a Chichewa tidazolowera kugawa ntchito za pakamwa ndi zolembedwa m'magulu odziwika: nthano, miyambi, zilapi, nyimbo, ndakatulo, masewero ndi nkhani zopeka. Koma pali mtundu wina wa zolankhula umene sudalowe m'magulu amenewa, ngakhale kuti ndiwo umene mwana wa sukulu amaumva koposa yonse. Ndiwo maganizo a tsiku ndi tsiku a munthu wamba: zimene bambo amanena za boma atamva nkhani za pa wailesi, zimene anyamata amalimbirana pa sitolo mpira utatha, zimene mlongo wobwera ku Johannesburg amasimba za dziko la eni, ndi zimene anthu amatsutsana m'minibasi za sewero la pa kanema la usiku wapitawo. Zolankhula zimenezi zilibe mlembi, sizisindikizidwa, ndipo zambiri zimaiwalika dzuwa lisanalowe. Komabe inu amene mukukonzekera kukaimirira patsogolo pa ana muyenera kuzitchera khutu monga mutchera khutu ku buku la Nthara kapena la Gwengwe, pakuti mwana amene mudzamuuza kuti alembe chimangirizo cha mtsutso sadzatengera Nthara. Adzatengera amalume ake.

Tisanaweruze zolankhula za lero, tiyeni tiyambe takumbukira kumene luso la kunena maganizo lidakulira pakati pathu. Makolo athu adali ndi bwalo la milandu, ndipo bwalolo lidali ndi dongosolo lake. Wodandaula ankayamba kufotokoza chimene chidachitika, kuyambira pa chiyambi, osadumpha. Woimbidwa mlandu ankayankha. Mboni zinkaitanidwa, ndipo nduna zinkafunsa mafunso ndi kubwereza mawu a mbali zonse ziwiri kuti aliyense wokhala pansi pa mtengowo amve bwino pamene pagona nkhani. Mwambi unkabwera nkhani itapsa, ndipo chigamulo chinkadza pomalizira penipeni, kuchokera pakamwa pa mfumu imene idakhala chete nthawi yonseyo. Munthu wothamangira chigamulo ankakumbutsidwa kuti umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Wobwera ndi zakumva ankauzidwa za Kandimverere uja adakanena za m'maluwa. Sindikunena kuti bwalolo lidali langwiro. Mafumu ena adali okondera, ndipo mawu a wachinyamata sankalemera monga a munthu wa imvi. Koma dongosolo lake, lakuti umboni utsogole ndipo chigamulo chitsatire, ndilo muyeso umene ndifuna kuyesera zolankhula za masiku ano.

Bwalo lidakula pamene wailesi idafika. Mu 1949 kudabwera wailesi yotsika mtengo imene ankaitcha Saucepan Special chifukwa idaoneka ngati sefuliya, ndipo nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka inkatumiza nkhani ndi nyimbo m'Chinyanja kufikira kuno. MBC idayamba ntchito mu 1964. Koma kukula kwa bwalo sikudatsegule pakamwa. M'zaka za chipani chimodzi, kuyambira 1966, munthu wofuna kunena maganizo ake pa za boma ankayamba wacheuka kumbuyo. Lamulo lounika mabuku ndi zisangalatso lidakhazikitsidwa mu 1968, ndipo mlakatuli Jack Mapanje adakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. M'zaka zonsezo padali nkhani imodzi imene munthu akadatha kuikamba mokweza m'basi, kudzudzula wamkulu ndi kunena kuti achotsedwe, osaopa kuti usiku kubwera galimoto: nkhani ya mpira. Pakamwa pa za ndale padatseguka ndi kalata ya maepiskopi a Katolika ya mu Malichi 1992 ndi riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Wailesi ya kanema ya dziko lino idayamba mu 1999, Zodiak mu 2005, ndipo pambuyo pake lamya ya m'manja ndi Facebook zidapatsa aliyense bwalo lakelake. Ndiganiza kuti mbiri imeneyi ndiyo ifotokoza chinthu chimene aliyense wa khutu labwino adachimva kale, kuti Chichewa chokambira mpira n'chokhwima ngati munthu wamkulu, pamene Chichewa chokambira za dziko chikadayenda ndi zovala zobwereka.

Tamverani mmene anthu amakambira mpira. Timu sigonja chabe: imakwapulidwa, imathambitsidwa, imaswedwa, imasambitsidwa chokweza. Chigoli amachimwetsa, ngati mankhwala owawa amene mwana amwa atatsinidwa mphuno. Wosewera waluso amadoda mnzake. Otchinga kumbuyo akagona, ukonde umagwedezeka. Matimu akafanana mphamvu amati alepherana, ndipo mawu amodzi amenewa, ndi msintho wake wochitirana, asimba nkhondo yonse, kuti aliyense adayesa kugwetsa mnzake ndipo onse awiri adakanika. Mivekero, imene m'zolemba za masiku ano ikusowa, pa mpira ili moyo: alendo akagoletsa bwalo lonse limangoti zii, ndipo mvula ikatsika anthu amangoti balala. Palibe bungwe lidakhala pansi kupanga mawu amenewa. Chichewa Board, imene idakhazikitsidwa mu 1972, idagwira ntchito yaikulu pa kalembedwe, koma mawu a mpira adabadwira pa Kamuzu Stadium, pakati pa ochemerera Maule ndi Manoma, ndi pakamwa pa oulutsa mpira m'Chichewa pa wailesi, amene ntchito yawo idali yoonetsa ndi mawu okha zimene womvera wa ku Chitipa kapena ku Nsanje sakadatha kuziona ndi maso. Woulutsa wotere alibe nthawi yomasulira kuchokera ku Chingerezi. Mpira ukuthamanga, ndipo iye ayenera kuganiza m'chilankhulo chimene akulankhulacho. Ngakhale mawu obwereka, monga penate, kona ndi goloboyi, adalowa navala zachichewa, kotero kuti palibe amawamva ngati alendo.

Chotero mphunzitsi amene adzatenga cholembera chofiira ndi kudula mawu otere m'chimangirizo cha mwana, nalemba m'mphepete kuti "Chichewa cha m'misewu", adzakhala atadula nthambi imene ikubala. Chilema cha nkhani za mpira chili m'dongosolo, ndipo kuti tichione bwino titenge masewero amodzi amene ambiri a inu mukuwakumbukira.

Pa 18 Januwale 2022, mu mzinda wa Bafoussam ku Cameroon, timu ya dziko lino ya Flames idakumana ndi Senegal m'masewero omaliza a m'gulu a chikho cha Africa. Flames idali itagonja 1-0 kwa Guinea ndi kugonjetsa Zimbabwe 2-1, zigoli zonse ziwiri zomwetsedwa ndi Gabadinho Mhango. M'chigawo chachiwiri, chigoli chisanaoneke, Gomezgani Chirwa adagwa m'bokosi polimbana ndi Bouna Sarr, ndipo woimbira adaloza penate. Kenaka adapita kukaonanso pa kanema wa VAR, ndipo atabwerako adafafaniza chigamulo chake. Mpira udatha 0-0. Mapointi 4 adakwanira kuti Malawi ipitirire ku ndime ya matimu 16, koyamba m'mbiri yake; koma penateyo ikadaperekedwa ndi kulowa, ndi mpira kutha chomwecho, Malawi ikadakhala ndi mapointi 6 ndi kutsogolera gulu lonse, pamwamba pa Senegal imene pambuyo pake idatenga chikhocho. Nkhaniyi tsono sidali yaing'ono, ndipo anthu adali ndi chifukwa chopsera mtima. Mawu amene amamveka paliponse pa nthawi yotere, m'nyumba zoonetsera mpira ndi pa lamya za ku wailesi, ndi amodzi: "Atibera!"

Tiyeni tiwaphwanye mawu amenewa monga tichitira m'kalasi. Tsinde lake ndi -ba. Msintho womchitira, -er-, uonetsa kuti pali wina amene kubako kwamugwera, ndipo -ti- atiuza kuti wogweredwayo ndife tonse, dziko lathunthu, kuyambira wosewera mpaka gogo amene sadaonerepo mpira. M'zilembo zisanu ndi ziwiri muli mlandu, wolakwiridwa ndi chigamulo. Ndi mawu amphamvu, ndipo mlakatuli aliyense akadakondwa kupanga ofanana nawo. Koma taonani a- wa kumayambiriroyo. Kodi akuimira yani? Angakhale woimbira, wotchulidwa mwaulemu. Angakhale anthu a m'chipinda cha VAR. Angakhale akuluakulu a CAF. Angakhale maiko onse akuluakulu amene timawaganizira kuti safuna kamwana kapite patsogolo. Mwininkhani sadatchulidwe, ndipo popeza sadatchulidwe palibe angayankhe. Pa bwalo la makolo munthu wonena kuti "andibera" ankafunsidwa pomwepo kuti, "Wakubera ndani? Wakubera chiyani? Adaona ndani?" Ndiponso kuba si kulakwitsa. Wonena kuti woimbira adalakwitsa akunena za maso a munthuyo. Wonena kuti adaba akunena za mtima wake, kuti adadziwa choona nasankha chabodza, ndipo mlandu wotere ufuna umboni umene woonera kanema ku Ndirande alibe.

Chodandaulitsa n'chakuti amene adakhutira ndi "atibera" adataya mlandu wabwino umene adali nawo m'manja. Malamulo a VAR amati chigamulo cha woimbira chisinthidwe pokhapokha ngati cholakwa chake n'choonekeratu, chosakayikitsa. Pa funso lakuti, "Kodi idali penate?" anthu awiri oona mtima angasiyane mpaka mawa. Funso loyenera lidali lakuti, "Kodi chigamulo choyamba chidali cholakwika moonekeratu?" Munthu amene adaona kuti osewera awiriwo adakhudzana angathe kunena motere: woimbira adaona ndi maso ake naloza penate, ngati anthu akutsutsanabe ataonerera kanema kachiwiri ndi kachitatu, ndiye kuti cholakwa choonekeratu padalibe, chotero chigamulo choyamba chikadayenera kukhala. Maganizo amenewa ali ndi miyendo. Wa ku Senegal angawatsutse, koma ayenera kuwatsutsa ndi zifukwa, ndipo pakutha pa mtsutsowo onse awiri adzakhala atadziwa lamulo. Ine ndiyesa kuti iyi ndiyo mbali yolimba, ndiponso ndi yaukali kuposa kukuwa kuja, chifukwa iloza malo enieni pamene chilungamo chikadapotokera.

Palinso kachizolowezi kena ka agwirizanitsi kamene mphunzitsi angaseke nako pamodzi ndi ana ake. Pa 11 Januwale 2010 ku Luanda, Flames, motsogozedwa ndi Kinnah Phiri, idaswa Algeria 3-0, Algeria imene idali itapeza kale malo ku chikho cha dziko lonse cha chaka chomwecho. Tsiku lotero Mmalawi aliyense amati "tawina". Patapita masiku owerengeka timu yomweyo idagonja 2-0 kwa Angola ndi 3-1 kwa Mali, ndipo tsiku lotero mawu amasanduka "aluza". Chipambano n'chathu, kugonja n'kwawo. Amene dzulo adali "ife" lero ndi "anyamatawa". Ndipo ti- yemweyo, amene amakana ana a kwathu akagonja, amaoloka nyanja mosavuta: mnyamata wa ku Ntcheu amene sadafikepo ngakhale ku Lilongwe amati "tagula wosewera watsopano", kunena Arsenal kapena Manchester United. Sindikumunyoza ayi, chikondi sichifunsa chiphaso. Koma mwana amene waphunzira kuona mmene ti- ndi a- amasinthanirana malo pakamwa pake wayamba kumva chilankhulo chake ndi khutu la munthu wophunzira.

N'zachisoni kuti chuma cha mawu chimenechi sichidagawidwe mofanana. Timu ya Queens idafika pa nambala 5 m'mpikisano wa dziko lonse wa ku Auckland mu 2007, ndipo Mwawi Kumwenda adasankhidwa kukhala wosewera woposa onse m'mpikisano womwewo ku Sydney mu 2015. Temwa Chawinga adamwetsa zigoli 20 mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024, chiwerengero chimene palibe adachifikapo kale m'ligiyo. Flames sidafikepo pafupi ndi pamenepo. Komabe amuna akasewera timaphwanya mpira wawo mphindi ndi mphindi, pamene akazi akasewera timangoti "atsikana ayesetsa" n'kupita ku nkhani ina, ngati kuti masewero awo sayenera ngakhale kudzudzulidwa.

Tikachoka pa bwalo la mpira ndi kumvera munthu yemweyo akukamba za dziko, timadabwa ngati wasinthidwa lilime. Uja amati "tawasambitsa chokweza" tsopano akuti, "Ine ngati nzika ndine wokhudzidwa kwambiri ndi nkhaniyi, ndipo ndikupempha adindo kuti aonetsetse kuti achitepo kanthu." M'chiganizo chimenechi mulibe chinthu ngakhale chimodzi chimene munthu angachigwire ndi dzanja. Chichewa chotere simungachimve pamudzi, ndipo simungachipeze m'mabuku athu abwino. Ndi Chichewa cha nkhani zomasuliridwa mofulumira kuchokera ku Chingerezi cha m'maofesi, chimene wailesi idatizoloweza, mmene nduna iliyonse "yati ndi yokhutira", mfumu iliyonse "yapempha anthu ake kuti agwirane manja", ndipo mavuto onse ndi "ena mwa mavuto". Munthu wamba adamva kuti umu ndimo alankhulira anthu olemekezeka, ndipo akaimba lamya amavala mawuwo monga avala jekete popita ku boma. Mawu oti "achitepo kanthu" ndiwo oipitsitsa, chifukwa aoneka ngati chigamulo pamene ali kuthawa chigamulo. Kanthu kanji? Achite ndani, liti, ndi ndalama zochokera kuti? Mayi wogulitsa tomato adziwa bwino lomwe chimene chikumupweteka, ndipo kwa mnzake wa pa msika amachinena ndi manambala: dengu lidali pa mtengo wakuti, lero lili pa wakuti, minibasi yakwera ndi zakuti. Akapatsidwa mpata pa wailesi, nzeru zonsezo amazisiya pa benchi.

Chitsanzo chimodzi chikwanira. Mu Novembala 2023 banki yaikulu ya dziko lino, Reserve Bank of Malawi, idasintha mtengo wa dola imodzi ya ku America kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Anthu adati "kwacha yagwa". Mneni ameneyu ndi wa mtengo wogwa ndi mphepo kapena wa mwana wopunthwa, alibe wochititsa. Ena adati "aigwetsa kwacha", ndipo awa adali pafupi ndi choona, pakuti padali anthu amene adakhala pansi nasankha tsiku ndi nambala; koma a- uja wabweranso, wosatchula dzina. Wofuna kunena chatsitsa dzaye akadayenera kufotokoza kuti ndalama zakunja zidasowa m'mabanki, kuti pa msika wamseri dola inkagulidwa kale pa mtengo wokwera kuposa wa boma, ndi kuti dziko linkakambirana ndi IMF za ngongole imene idavomerezedwa mwezi womwewo. Atanena zimenezi angathe tsono kuweruza kuti adachita bwino kapena adalakwa, ndipo pali zifukwa zomveka ku mbali zonse ziwiri. Palinso masamu amene mwana wa Sitandade 8 angawachite pa bolodi. Kudalengezedwa kuti kusinthaku ndi kwa 44 pa 100 iliyonse, ndipo n'kosavuta kumva ngati kwacha yataya pafupifupi theka la mphamvu yake. Koma 44 ameneyo ndi kukwera kwa mtengo wa dola: K520 yoonjezera pa K1,180. Tikafunsa kuti kwacha yomweyo tsopano igula madola angati, tigawa 1,180 ndi 1,700, ndipo tipeza kuti igula pafupifupi magawo 69 mwa 100 a zimene inkagula. Yataya 31, osati 44. Ululu wa pa msika sudachepe ndi masamu amenewa, koma munthu wokwiya amene nambala yake ndi yolondola ndi wovuta kumubweza.

Kodi tsono munthu wamba alibe njira yakeyake yonenera za dziko? Ali nayo, ndipo ndi yakale: amasimba nkhani. Harri Englund, m'buku lake la mu 2011 lotchedwa Human Rights and African Airwaves, adafufuza pulogalamu ya MBC ya Nkhani za m'Maboma, mmene nkhani zotumizidwa ndi omvera zinkawerengedwa madzulo: za mafumu, mabwana ndi ena amphamvu ochitira nkhanza anthu awo, ndi za zodabwitsa za ufiti. Adaonetsa kuti anthu osauka ankagwiritsa ntchito nkhanizo kukumbutsa amphamvu udindo wawo, popanda mawu a m'misonkhano ya za ufulu. M'nkhani yotere wosimba sanena kuti "ine ndikuganiza". Maganizo ali m'kati mwa nkhaniyo, monga ali m'nthano ya Kalulu. Chichewa chake n'chamoyo ngati cha mpira, chifukwa chikamba za munthu, malo ndi chochitika. Koma njira imeneyi ili ndi nthenda yake, nthenda ya Kandimverere. Nkhani yokoma imayenda mofulumira kuposa yoona, ndipo ikakhala ya ufiti, pamapeto pake pamakhala nkhalamba yeniyeni imene nyumba yake ingatenthedwe. Pa wailesi padali mkonzi wosefa. Pa WhatsApp ngakhale iyeyo palibe.

Za maulendo sindinena zambiri, pakuti chilema chake n'chosabisika. Kuyambira masiku a Wenela ndi Theba, munthu wobwera ku Joni kapena ku Halale wakhala mphunzitsi wa mudzi pa za maiko ena, ndipo Nthara adalemba kale mu Nthondo, buku la mu 1933, za mnyamata wochoka pamudzi kukafuna ntchito kutali. Vuto la wapaulendo ndi lakuti msewu umodzi umene adagonamo amausandutsa dziko lonse: "ku Joni anthu ndi otere", "Azungu satero". Mwana naye akalemba za ulendo wake wa ku nyanja amati "kudali kosangalatsa kwambiri" katatu, osatchula kuti adakwera chiyani, adadutsa ku Salima kapena ku Golomoti, usipa ankauyanika pa chiyani. Mufunseni zimenezo, ndipo mawu oti "kosangalatsa" adzagwa okha.

Pa za kanema pali chinthu chimodzi chimene ndifuna kuti muchiyang'anitsitse, chifukwa ana anu ambiri amachidziwa kuposa inu. M'tinyumba toonetsera mafilimu m'misika yathu, mafilimu a ku India, China kapena America amaonetsedwa ndi mawu a womasulira m'Chichewa pamwamba pake. Womasulirayo amachita zambiri kuposa kumasulira. Amatcha anthu a m'filimu maina a kwathu, amaseka wopusa, amachenjeza msilikali kuti mdani ali kumbuyo, amaweruza wachinyengo filimu isanamuweruze. Ndiye wosimba nthano wa masiku ano, ndipo luso lake lili pafupi ndi la woulutsa mpira. Tsiku lina lidzafuna kuunikidwa palokha m'magazini ino. Koma mwana wokulira pamenepo amalandira chithunzi ndi chigamulo nthawi imodzi, osapatsidwa mpata wakuti aone yekha. M'nthano za agogo omvera ankayankha kuti "tili tonse", ankaimba nawo, ndipo pamapeto ankatha kufunsa; apa mawu ndi a munthu mmodzi. Mukadzafunsa ana kuti filimu yakuti adaiona bwanji, mudzamva "inali bho" kapena "inali yobowa", ndipo mukakumba pang'ono mudzapeza kuti ngakhale chigamulo chachifupicho adachibwereka kwa wina.

Nanga mudzachita nazo bwanji m'kalasi? Pali chovuta chimene sitiyenera kuchibisa. Mphunzitsi wa sukulu ya boma ndi wantchito wa boma, ndipo makolo a ana ake ali m'zipani zosiyana. Akabweretsa nkhani ya chisankho m'kalasi mosasamala, mawa lake adzaitanidwa ku ofesi ya mphunzitsi wamkulu. N'chifukwa chake ndakhalitsa pa mpira. Pa mpira ana ali ndi maganizo, ali ndi mawu ake, ndipo palibe kholo lidzadandaula. Lolemba m'mawa, sukulu yanu itasewera ndi sukulu yoyandikana nayo, lembani pa bolodi mawu amene ana abwera nawo, kaya ndi "atibera" kaya ndi "tawakwapula", ndipo muwasiye pamenepo osawafufuta. Kenaka khazikitsani bwalo. Mmodzi afotokoze zimene zidachitika, mwa ndondomeko, osaweruza. Wina amene adaima kuseri kwa golo anene zimene iye adaona, ndipo ana adzadabwa kuti mboni ziwiri za mpira umodzi zisiyana. Wachitatu anene lamulo la masewero pa chinthu chimene chavutacho. Wina alankhulire woimbira, pakuti mwini wake palibe. Zitatha izi aliyense alembe ndime imodzi, ndipo muwauze zinthu ziwiri zokha: mneni aliyense akhale ndi mwininkhani wotchulidwa dzina kapena udindo, ndipo chigamulo chikhale m'chiganizo chomaliza.

Pochonga musadule "kudoda", "kumwetsa" kapena "zii". Inki yofiira muisungire "kosangalatsa kwambiri" ndi "achitepo kanthu". M'kalasi la ana ochuluka simungathe kuchonga ndime zonse tsiku limodzi, chotero sankhani zisanu, ziwerengedwe mokweza, ndipo pamene pamveka a- wopanda mwini kalasi lonse lifunse kuti "Ndani?" Mtsikana amene adakhala chete chifukwa mpira wa anyamata sautsata mumupatse mpando wa mfumu Lolemba lotsatira, pamene bwalo lidzazenga masewero a ntchemberembaye.